Mano a Joana ndi Mwala Wonolera

Ndikukumbukira kuti kwathu, kumunsi kwa Ngabu, mwana aliyense wa msinkhu wathu anali ndi mano a mawanga ofiirira, ngati wadya bwemba osatsuka m'kamwa. Sitinkaziona ngati vuto. Unkamuseka ndani, poti nawe ukatsegula pakamwa zinali zomwezo?

Madzi tinkamwa a pa mjigo. Amayi analumbira kuti mwana wawo sadzamwanso a mu Shire kuyambira tsiku limene ng'ona inagwira mwana wa achemwali awo padooko. Mjigowo unali kutali, madzi ake olemera pa lilime, koma amayi ankasenza ndowa dzuwa lili phwee, mapazi akupsa ndi mchenga. Ankanyadira kuti m'nyumba mwawo simunalowe maliro a ng'ona kapena a kolera.

Zinthu zinasokonekera pamene mkulu wanga Joana anapeza mwamuna, mnyamata wa kumtunda amene ankadula nzimbe ku esiteti. Abale ake atabwera kudzaona mbeta, Joana anawalonjera akumwetulira monga mwa khalidwe lake. Pobwerera, mlongo wa mnyamatayo ananena pamsewu, anthu akumva, kuti mkazi wosatsuka m'kamwa angasamale bwanji nyumba. Mawuwo anafika kwathu alendowo asanakwere n'komwe basi. Joana analira mpaka maso kutupa, poti mnyamatayo ankamukondadi, ndipo banja linali pafupi kutha lisanayambe.

Azakhali athu, mayi osadziwa kugonja, anati litsiro silingakanike munthu wamanja. Anayamba ndi makala, kenako mchenga wa kumtsinje. Zitakanika anatenga kachidutswa ka mwala wonolera mipeni ndi mandimu. M'mawa uliwonse Joana ankagona chagada pamkeka pansi pa msawu, mutu uli pamiyendo ya azakhali, iwo n'kumapala. Phokoso lake ndimalimvabe mpaka lero, khwee khwee, ndi fungo la mandimu losakanikira ndi magazi a m'nkhama. Joana ankangofinya nsonga ya mkeka, osadandaula. Ine azakhali ankandiloza ndi mwalawo kuti ndikonzeke, chaka chamawa ndi ineyo. Ndinkathawira m'munda wa thonje.

Manowo anayeradi, ndisaname. Pa chinkhoswe Joana anaseka pakati pa anthu, mlamu wake uja akuona. Azakhali anavina mpaka chitenje kugwa.

Chisangalalocho sichinafike nyengo ya mvula. Joana anayamba kumwa madzi atayamba wawaika padzuwa, chifukwa ozizira ankamubaya mpaka m'mutu. Ngakhale mphepo ya m'mawa inkamuyayamiritsa mano. Mwamuna wake ankabwera ndi nzimbe kuchokera kuntchito, iye n'kumangoziyang'ana, ife tikutafuna. Ali ndi pakati poyamba mano akutsogolo anachita mabowo akuda, limodzi n'kuthyokera mu chinangwa chowotcha. Tsaya linatupa, thupi linatentha, ndipo amayi anamukweza pa kabaza kupita naye kuchipatala. Inenso ndinapita nawo.

Dokotala wa mano, bambo wofatsa, anamuchotsa Joana mano owonongeka aja. Kenako anandiitana, n'kuyang'ana anga. Anafotokozera amayi kuti mawangawo si litsiro. Dzino lili ndi chikopa cholimba pamwamba, chimene chimapangika mwana ali wamng'ono, dzinolo likadali m'kati mwa nkhama. Madzi a m'mijigo ina ya kuchigwa kuno ali ndi mchere wochuluka wa m'miyala, ndipo umalowa m'chikopacho chikamapangika. Ukachipala, sichimeranso.

Amayi anafunsa motsitsa mawu: “Ndiye kuti ndi madzi aja ndinkasenza ine?”

Dokotala anati madziwo anangosintha mtundu, chimene chinapha mano ndi mwala. Koma amayi sanamve zimenezo. Njira yonse yobwerera ankangoti, “Ine ndimati ndikuwathawitsa ng'ona.” Zinandipweteka kuposa kulira kwa Joana.

Lero mjigo uja ulipobe, ndipo ana a kwathu akumerabe mano a mawanga. Chosintha n'chakuti azaumoyo amalankhula za madziwa kusikelo ya ana, ndipo sindinamvenso za munthu wopala mano ndi mwala. Ine anga ndi ofiirirabe, onse alipo, ndipo nzimbe ndimasenda ndi mano omwewa. Joana banja lake lilipo, ali ndi zidzukulu. Koma kuyambira tsiku la chinkhoswe lija, sindinamuonenso akuseka dzanja lisali pakamwa.