Madesiki Amene Ndinakana Kusainira

Chaka chimene mwana wanga wamkazi analowa Sitandade 7, m'kalasi mwawo munalibe desiki ngakhale imodzi. Sukulu yathu ili chakuseri kwa Champhira, ndipo ana ankakhala pansi, pa simenti yokumbikakumbika. Kwa anyamata zinalibe kanthu. Koma mtsikana woti wayamba kusinkhuka, kuti adzuke pansi kuyankha funso anyamata ali maso tong'o, ndi nkhani ina. Mwana wanga anasiya kukweza mkono. Kenako tsiku lina anandiuza osapsatira: "Amama, ine ndatopa. Bola ndizikuthandizani kusoka fodya." Ine ndinalekezera Sitandade 6, ndikudziwa kumene njira imeneyo imakathera. Ndinagwada, nkhaniyo ndinaitula kwa Mulungu.

Mulungu samagona, abale anga! Pamsonkhano wa makolo, aphunzitsi aakulu analengeza kuti khonsolo yavomera kutipangira madesiki, ndipo pakufunika komiti yoyang'anira ntchitoyo. Amayi anzanga anandisankha, ati pakamwa panga sipachita dzimbiri.

Anatiitana ku Boma, ku Mzimba. Ndinavala chitenje cha Lamulungu. Ine, kulowa mu ofesi ya khonsolo! Anatilandira mayi wina wachitsikana wochokera kuchigawo chapakati, woona zogulagula. Anatifotokozera kuti ntchitoyo anailengeza poyera, akalipentala angapo anabweretsa mitengo yawo m'maenvelopu omata, ndipo anatsegula onse akuona. Sanangotenga wotchipa, anayang'ananso ntchito zimene aliyense anagwirapo. Kenako anatiwerengera mgwirizano. Zambiri zinandidutsa, koma mawu awiri anandikhala m'mutu: matabwa ouma. Anati kontalakitala sadzalandira malipiro ake omaliza komiti yathu isanasaine kuti katundu ali bwino.

Matabwa ndiye ndimawadziwa. Titangokwatirana, bambo a kwathu ankacheka paini ku Chikangawa, ine ndinkasenza matabwa pamutu kuchokera m'nkhalango kukafika pamsewu pokwezera malole. Thabwa laliwisi khosi limalidziwa maso asanalione.

Tsiku limene lole inafika, mayo ine, fumbi linali koboo! Ana anathamangira kumsewu, ife amayi nthungululu, wina anavula mpango n'kumaupukutira galimoto. Madesiki anali phuliphuli ndi vanishi. Inenso ndinavina, ndisaname. Kontalakitala, bambo wansangala wa chipewa chachikopa, ankagwira aliyense chanza.

Ndiye ndinati ndithandize kutsitsa. Nditangonyamula desiki yoyamba, ndinaima kaye. Kulemera kumeneko ndinkakudziwa. Ndinaitembenuza, n'kuika tsaya kunsi kumene sanapake vanishi. Kuzizira! Fungo la utomoni ngati mtengo waugwetsa dzulo. Ndinagogoda ndi chala, inangoti di di, osalira. Yachiwiri chimodzimodzi, yachisanu chimodzimodzi.

Ndinawanong'oneza apampando a komiti yathu, bambo wachikulire wa mpingo wathu womwe. Anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi.

"Amama, ndapota, musatichititse manyazi. Chobwera ndi mlendo timalandira ndi manja awiri. Boma latikumbukira, inu mukufuna muzinunkhiza kunsi?"

Kontalakitala anamva. Anaseka n'kunena mokweza: "Amama, ukalipentala munauphunzira kukoleji iti?"

"Ya ku Chikangawa, adada. Satifiketi yake ndi dazi ili pamutupa, ndivule duku muone?"

Anthu anafa nacho chiseko, iyenso anaseka, koma pepala anandipatsirabe ndi cholembera. Apampando anali atasaina kale. Pamenepo mwana wanga anadzipanikiza pakati pa anthu n'kundigwira chitenje. Anali atasankha kale desiki yake, ya pafupi ndi windo.

"Amama, sainani. Chonde."

Pamenepo ndiye panali povuta. Ndikakana, mwana abwerera pansi, mwina osapitanso kusukulu. Ndikasaina, dzuwa la mwezi wa Okutobala likadzawomba matabwa adzapindika, misomali idzazuka, ndipo khonsolo sidzabweranso kawiri kwa ife, sukulu zodikira n'zambiri. Ndinatseka maso pang'ono, ndinati Ambuye ndigwireni dzanja. Cholembera ndinabweza.

Aphunzitsi aakulu anaimbira foni mayi uja wa kukhonsolo. M'mawa mwake anafika pa njinga yamoto ndi mmisiri wawo. Mmisiriyo anadula kachidutswa kunsi kwa desiki imodzi, utuchi unatuluka wonyowa, woumbika m'manja ngati gaga wothira madzi. Mayiyo anatembenukira kwa ife tonse.

"Makolo, iyi si mphatso. Chiphaso chimene mumadula kumsika mukamagulitsa tomato, ndalama zake ndi zimenezi. Mukagula poto mumayamba mwamuyang'ana kudzuwa ngati sakudontha, si choncho? Apanso chitani zomwezo."

Apampando anangoti, "Yewo, tapulika, tamva ndithu," maso ali pansi. Kontalakitala sanakangane. Anati matabwa ouma anasowa, masiku a mgwirizano amatha, ndiye anatenga amene analipo. Mayiyo anamupatsa masabata ena kuti akonze ndi ndalama zake. Madesiki anakwezedwanso pa lole, ana akuyang'ana. Imodzi yodulidwa ija inatsala pakhonde la ofesi.

Masabata amenewo anali aatali. Kuchitsime amayi ena ankangoti "mwauka" basi, nkhani osapitiriza. Mwana wanga sankandilankhula bwino. Ndinamupatsa kampando kanga ka kukhitchini, ndinati, "Nyamula aka, ine ndiziphika chogwada. Ungondipirira mpaka lole ibwere." Ankapita nako monyinyirika, koma ankapita.

Ndiye desiki ya pakhonde ija inayamba kundilankhulira. Sabata yachitatu thabwa lapamwamba linapindika ngati chipande, pakati n'kung'ambika mng'alu wolowa chala. Anthu ankachita kupatuka popita kuchigayo kuti akaione. Apampando anabwera okha kunyumba, chipewa m'manja: "Amama, mphuno yanu ija ndi ya boma. Mbwenu ulendo uno muyambe ndinu kununkhiza, ife tisaina pambuyo."

Lole itabweranso, palibe analiza nthungululu msanga. Onse maso kwa ine! Ndinanyamula yoyamba, yopepuka. Tsaya kunsi, kofunda. Nditagogoda inalira kuti ngo ngo ngo, ngati ng'oma yowamba bwino. Tinayesa imodziimodzi mpaka yomaliza, apampando nawonso akugogoda, kontalakitala akuseka: "Apulofesa a ku Chikangawa, ndakhoza?"

"Mwakhoza chomene, adada!"

Nthungululu ndinayambitsa ndine. Dzina langa ndinalilemba pang'onopang'ono, chilembo chimodzichimodzi.

Madzulo ake mwana wanga anabwera ndi kampando kanga pamutu, n'kukaika pamalo pake kukhitchini. Anati wapeza desiki ya pawindo ija, ndipo masamu a tsikulo anakweza mkono kawiri. Za fodya sanazitchulenso. Ndinakhala pakampandoko n'kuyamika Mulungu, nyemba zikubwata.