Ufa wa ku Norway

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu, m'ma 1980, ndili Sitandade 6. Kwathu ku Malemia ndinkadziwika kuti Chingerezi ndimachitha. Mbiriyo ndinkaifalitsa ndekha.

Loweruka lina masana, namwino wachizungu wochokera ku Norway anabweretsa kanema kuholo ya tchalitchi. Mawindo tinatchinga ndi masaka. Jenereta inkalira panja, utsi wake ukulowa pakhomo. Tinadzaza, Akhristu ndi Asilamu omwe, ena pamabenchi, ena pansi.

Kanemayo anali wakale, wopanda mitundu, wopanda mawu. Anthu ankangogwedeza milomo, kenako pankabwera zolemba. Mkulu wa mpingo anandiloza.

"Iwe wa Chingerezi, imirira. Uzitiwerengera."

Ndinaimirira. Zolembazo sizinali Chingerezi. Sindinatolepo kanthu. Koma kuvomera pamaso pa mudzi wonse ndinachita nako manyazi, ndiye ndinayamba kupeka.

Panaoneka mtsikana atanyamula khanda, akulira pakhomo pa nyumba yaikulu. Pansi ponse panali mbuu.

"Akuti amagulitsa ufa," ndinatero. "Ndiye wamutayikira."

"Bodza!" anakuwa Abiti Mdala, mayi wogulitsa usipa pa Naisi. "Ufa wanji? Taonani masowo! Ameneyu mwana wa mwini nyumba anam'patsa mimba n'kumukana."

"Eetu achemwali," anayankha mayi wina. "Apongozi ake si awo akusuzumira pawindowo?"

Holo yonse inandiseka. Ntchito yanga anailanda azimayi aja. Mnyamata wa m'nyumbamo ataonekera, anam'kalipira. Mtsikanayo anamulangiza kuti akaitane amalume ake. Mnyamata atagwada kupepesa, ena anaimba nthungululu, ena akuti, "Usamulole, achimwene amenewa ndi akamberembere!"

Kanema atatha, namwino anaimirira akupukuta misozi ya kuseka. M'Chichewa chake chothyokathyoka anati kanemayo anali mmodzi mwa oyambirira kupangidwa kwawo, nthawi imene makanema anali asanayambe kulankhula. Anati agogo ake anamuonera ali mtsikana, nalira. Zoyera zija sizinali ufa, koma madzi oundana amene amagwa kwawo nyengo yozizira.

"Nkhani ndi imene anena amayiwa," anatero. "Ndani wawaphunzitsa chinenero chathu?"

Abiti Mdala anandigwira khutu, osakoka kwenikweni.

"Mwamva, Che Ufa? Wotsalawo mutisungireko."

Ndinatuluka n'kulunjika kunyumba.

Lero tsitsi langa layera ngati pakhomo pa m'kanema paja. Chimene sindikuchidziwa ndimanena kuti sindikuchidziwa, ndipo munthu akamandiuza nkhani ndimayamba ndamuyang'ana m'maso. Koma ndikatsika minibasi pa Naisi, amandiitanabe kuti Che Ufa. Ndimavomera.