Thiraki ya Lorne Yosafuka Utsi

Mlamu wanga Lorne Dubiel anabadwa ndi mtima wapachala, ndipo kukula sikunamuchiritse. Tinakulira limodzi ku High Level, tauni ya kumpoto kozizira koopsa, tinayambira limodzi ntchito yotuta zipika kunkhalango, kenako anakwatira mchemwali wanga Gail. Mpaka lero sindidziwa chimene Gail anaona mwa munthu woti ngakhale khofi amamutukwana kuti watentha. Koma pa chiwongolero panalibe womuposa, zimenezo sindingamumane. Zaka zonse anayendazo sanagwetsepo thiraki m'ngalande.

Pa msewu wathu pali lamulo limodzi limene aliyense amalidziwa. Nyengo yozizira injini sitizimitsa, chifukwa dizilo akagwidwa ndi chisanu amalimba ngati phala ladzulo ndipo injiniyo sidzukanso. Choncho ukaona thiraki yaima pambali utsi ukufuka, umadziwa kuti mwini wake akupuma, umadutsa. Ukaona yaima popanda utsi, umaima n'kukagogoda, kaya ndi m'bale kaya ndi mdani. Kuzizira kukafika madigiri makumi anayi pansi pa ziro, moyo wa munthu umatsalira pa kugogodako.

Ndiye kampani inagula thiraki yamakono, yoyendera dizilo ndi magetsi pamodzi, n'kupatsa Lorne. Tonse tinaiseka, ine patsogolo. Tinkati mabatire ndi chisanu sizimwerana madzi, Januwale akafika tidzakukoka ndi tcheni. Januwale anafika, amanyazi tinali ife. Mphamvu ya mabatire inkatsikadi kukazizira, koma thirakiyo inkadzisamala yokha. Inkafunditsa mabatire ake, inkatenthetsa mokhala dalaivala injini ili chete, ndipo moto ukachepa injini inkadziliza yokha kwa kanthawi n'kuzimanso. Potsika zitunda ndi katundu, mabuleki ankabweza moto m'mabatire. Lorne anayamba kuyenda mapewa ali m'mwamba, ngati kuti anaipanga ndi iye.

Vuto linali utsi. Lorne ankalawirira kwambiri, ndiye masana ankaima pa malo opatukira n'kugonako pang'ono, wailesi atazimitsa. Thiraki ili zii, utsi palibe. Aliyense wodutsa mtima unkamugunda, ankaima, kutsika m'chisanu n'kukagogoda. Woyamba kulawa pakamwa pake anali Armand Lizotte, mdala wofatsa wa bondo lovuta.

"Lorne, uli moyo m'menemo?" anafunsa Armand.

"Ndinali moyo usanabwere. Ukufuna chiyani?"

"Utsitu palibe, aise."

"Utsi wa chiyani? Ino si ng'anjo yako yonunkha ija. Maso ulibe? Ngati manja akuyabwa kagogode kwa mkazi wako."

Mkazi wa Armand tinali titamuika m'manda chaka chathacho, ndipo Lorne anali m'gulu lonyamula bokosi. Mdalayo anangotsimphina kubwerera ku thiraki yake. Mawa lake anagogoda Marlys, mayi woti ngakhale amuna amamuopa, nayenso anapatsidwa zake. Mlungu usanathe panalibe dalaivala amene sanatukwanidwe.

Ndinamupeza kunyumba kwake akudya soseji, ndinamuuza maso ndi maso.

"Mlamu, pakamwa pakopo padzakupweteketsa. Anthuwa akukuchitira ulemu."

"Ulemu wake uti, wondidzutsa? Uwauze anzakowo aphunzire kusiyanitsa thiraki yakufa ndi yogona."

"Asiyanitsa bwanji, zonse zili chete?"

"Imeneyo ndi mitu yawo, si wanga."

Gail anangondiyang'ana n'kupukusa mutu. Tinapemphanso akuofesi kuti aike kanyali pamwamba pa thirakiyo, koti dalaivala aziyatsa posonyeza kuti ali bwino. Anati ndi maganizo abwino, aziona. Mpaka lero akuonabe, anthu opanda manyazi.

Madalaivala anasiya kugogoda, n'kupeza masewera ena. Aliyense akafika pa malo aja ankaliza hutala yaitali kuti amudzutse dala, kenako n'kumakasekera kokwezera zipika. Lorne ankatulukira ali wofiira maso, iwo n'kumamufunsa kuti madala mwagona bwanji.

Tsiku la ngozi kunacha bwino, dzuwa likuwala koma lopanda ntchito, kuzizira koti malovu kuuma asanafike pansi. M'mawa umenewo Lorne anandidumpha pa mzere wokwezera zipika, ndipo nditadandaula ananditsuka pa wailesi anthu onse akumva, kuti ndimayendetsa ngati ndanyamula mazira. Njira yonse ndinkabwata. Nditaona thiraki yake pa malo aja masana, ndinati hutala yokha siikwana, lero ndimenya chitseko mpaka atuluke tionane. Sindinaime chifukwa cha chifundo ayi, ndinaima ndi ukali.

Ndinamenya chitseko ndi nkhonya, koma sanatukwane. Ndinamenyanso, kuli zii, ndipo apa ndinadziwa kuti china chake chalakwika, chifukwa Lorne sakhala chete akamenyedwa chitseko. Nditatsegula ndinalandiridwa ndi mpweya wofunda. Supu wake anali pambali asanamwedwe, foni ili pa mpando, magolovesi ake akuluakulu alinso pomwepo.

Ndinamupeza mbali ya kungalande, kumene wodutsa mumsewu sangaoneko, ali chagada pafupi ndi matayala a ngolo ya zipika yokokedwa ndi thirakiyo, hamala ili poteropo. Mabuleki a ngolo anali atagwirana ndi chisanu, ndiye anatsika kuti akawagogode, ntchito ya kanthawi kochepa. Anaterereka n'kuthyoka fupa la m'chiuno. Anayesa kukwawa, mkukuluzi wake unkaoneka pa chipale chofewa chimene chinakuta pansi, koma pokwerera pa thiraki m'pamtunda, munthu wothyoka chiuno sangafikepo. Nkhope inali mbuu, zala zili gwa, mawu atatha.

Ndikugwada kuti ndimunyamule, injini inadziliza yokha. Mabatire anali atayamba kuzizidwa, ndiye inkawafunditsa. Ndinaitukwana thirakiyo matukwano onse amene ndimadziwa, ngakhale inali isanalakwe chilichonse.

Ku chipatala ku Edmonton anamudula phazi lamanja ndi zala zambiri za m'manja. Chiwongolero sadzachigwiranso. Bwana amene anabwera kudzatenga thirakiyo anandiuza akumwetulira kuti taona nokha, m'kati munali mofunda nthawi yonseyo, makina amenewa chisanu sachiopa. Anandigwira ndi Marlys, apo ayi bwenzi ndikulankhula zina.

Koma amene ndinawapsera mtima zenizeni ndi anzanga. Aliyense ankati Lorne anatiuza yekha kuti tisamagogode. Zoona, anatero, ndipo analakwa, mlamu wanga ndi chitsiru chapakamwa, ndinamuuza kale ndipo ndidzamuuzanso. Nanga lamulo lija linati tizigogodera aulemu okha? Makolo athu ankaima ngakhale pa thiraki ya munthu amene anamenyana naye dzulo lake. Ife tinalola mwano wa munthu mmodzi ndi makina atsopano kutiphunzitsa kudutsa. Ukatukwanidwa umapsa mtima, mawa waiwala, koma phazi silimeranso.

Nditapita kukamuona, Gail anatuluka kuti akamwe khofi n'kutisiya awiri. Lorne anali ataonda, manja atakulungidwa mabandeji, maso ali kudenga. Ndinkadikira kuti ayambe kulalata, atukwane anesi, chakudya, ngakhale ineyo, ndipo ndikanakondwa.

"Ndinkawamva onse, mlamu," anatero pomaliza, mawu ali pansi.

"Usaganize zimenezo pano."

"Armand ndinamudziwa ndi giya yake yokhosomola ija. Marlys ndinamudziwa ndi matcheni a pa matayala ake. Aliyense akamayandikira ndinkati uyu ndiye aima."

Ndinangogwira chitsulo cha bedi.

"Ankaliza hutala," anapitiriza. "Yaitali, mpaka kukazimiririka pokhota msewu." Anatembenuza mutu kundiyang'ana. "Inetu ndinkayankha, mlamu. Aliyense ndinkamuitana dzina lake."