Chogwirira cha Kumanzere

A Valdemiro Sebold anayamba kutolera matobata chaka chimene mayi Erna, akazi awo, anamwalira. Tobata ndi kathirakitala kathu ka matayala awiri, kamene munthu amakatsatira pambuyo atagwira zogwirira ziwiri ngati akulima ndi ng'ombe. Anyezi yense wa makolo athu kuno ku Ituporanga analimidwa ndi timeneti. Lero anthu anagula mathirakitala akuluakulu, ndipo matobata akale angotsala m'zisakasa, nkhuku zikuikirapo mazira.

Ine ndimakhala kutsidya kwa msewu, choncho ndinaona zonse, ngakhale zimene sindinafune kuona. Pamaliro a akazi awowo, a Valdemiro sanalire. Tinati alira mawa, tinati alira mwezi ukatha, mpaka tinatopa nako kudikira. Iwo anangogula kalole kakutha, matabwa awiri okwezera ndi unyolo, n'kuyamba kuzungulira m'mapiri kufunsa amene ali ndi tobata yakufa. Ankabwera chitsulo cha dzimbiri chitamangidwa kumbuyo, nkhope yawo ili mmene inalili pochoka.

Ntchito yokha ankaidziwa, pamenepo sindingawanamizire. Sankakonza tobata imodzi payokha. Ankadikira zikwane zingapo, n'kuzimasula zonse mpaka kabawuti kotsiriza, kuviika zitsulo m'dizilo, kupala dzimbiri, kenako n'kusankha. Injini ya iyi inkapita pa thupi la iyo, matayala n'kuchokera kwa ina. Zikatha zonse zinkapakidwa penti yofiira n'kuikidwa pamzere m'chisakasa chimene kale ankayanikamo anyezi. Sankagulitsa ngakhale imodzi. Lamlungu masana ankazilizitsa imodziimodzi, tu-tu-tu-tu, mpaka mawindo anga ankanjenjemera.

Tsiku lina mtima unandikwera, ndinawoloka msewu.

"Aneba, kodi mwatsegula chipatala cha zitsulo? Nkhuku zanga zasiya kuikira ndi phokoso lanuli."

"Nkhuku zanu zakalamba, mayi Zenita. Musanamizire injini."

"Nanga zonsezi mudzalima nazo kuti? Munda munabwereketsa kale."

"Sindikufuna zonsezi," anatero akupukuta sipanala. "Ndikufuna imodzi. Khalani pansi, khofi watsala pang'ono kuwira."

Ndinakhala pa tayala pafupi ndi mbaula yawo, ndipo anandiuza. Ine ndinakwatiwa kuno zitachitika kale, ndiye sindinkazidziwa. Malemu a Kretzer, bambo ake a Erna, analibe mwana wamwamuna, choncho Erna ndiye ankalima ndi tobata yawo. Nthawi imeneyo labala wa pa zogwirira akatha, aliyense ankasema mtengo n'kulowetsapo. Mphete ya Erna inkakhula mtengowo tsiku ndi tsiku mpaka inakumba kamzera. Tsiku lina anawaonetsa a Valdemiro akuseka, akuti, "Taonani, mphete yanu ikudya tobata ya bambo." Pambuyo pake a Kretzer anaigulitsa, ndipo inadutsa m'manja ambiri mpaka palibe amene ankadziwa kumene ili.

"Zovala zake anatenga achemwali ake," anatero a Valdemiro. "M'nyumba muja anakolopa, anachapa, palibe pamene pakuoneka dzanja lake. Ndikungofuna ndigwire pamene ankagwira iye."

Analankhula zimenezi ngati akunena kuti mawa kugwa mvula. Ine ndi amene ndinalengeza misozi, ndipo ndinakwiya nazo, chifukwa mkazi sanali wanga.

Kuyambira pamenepo ndinayamba kuonetsetsa akamabwera ndi lole. Asanamasule unyolo ankakwera kumbuyo, n'kuyendetsa chala chachikulu pa chogwirira cha kumanzere, kuzungulira pang'onopang'ono. Kumanzere, poti ndi kumene mkazi wapabanja amavala mphete. Kenako ankati, "Palibe." Ankatsitsa tobatayo, kugogoda mitengo yonse iwiri ndi hamala mpaka itatuluka, n'kuiponya m'bokosi la nkhuni pafupi ndi mbaula. Pamalo pake ankaikapo labala watsopano wakuda. Sankadandaula, sankatukwana. Zaka zinapita choncho, mzere wofiira uja ukutalika, ineyo n'kuzolowera kukamwa khofi kumeneko nthawi yozizira.

Chaka chatha bambo mfumu anawapempha kuti atulutse matobata awo pa tsiku la Kristofa Woyera, pamene alimi ndi madalaivala amadutsa patchalitchi kuti galimoto zawo ziwazidwe madzi odalitsa. A Valdemiro anavomera monga amavomerera chilichonse. Amuna a m'dera lathu anagawana, aliyense yake, ndipo tinatsikira m'tauni pamzere, utsi uli tolo.

Tili kudikira pabwalo la tchalitchi, panafika nkhalamba ina ya ndodo, a Lindolfo Petry ochokera kumtunda. Makutu awo anafa kale, ndiye amalankhula ngati akuitana ng'ombe kutsidya la mtsinje.

"Sebold! Iwe wakuba zitsulo! Yanga ili kuti pamenepa? Zonse wazisandutsa mapasa!"

"Yanu iti, madala?"

"Imene unakatenga kwa mkamwini wanga chaka cha chigumula chija. Waulesi uja anaisiya pamvula. Ine ndinaigula kwa Kretzer, apongozi ako. Mkamwini wangayo sanakuuze?"

"Sanandiuze," anatero a Valdemiro. "Koma sinali imeneyo. Ndinaiyang'ana. Inalibe kamzera."

"Wati chiyani?"

"Kamzera! Pa chogwirira! Kanalibepo!"

"Kanalipo, iwe! Kankandiluma chala chaka ndi chaka. Kumanja kuno." Anatukula dzanja lawo lamanja lokwinyika kuti tonse tione.

"Mphete imakhala kumanzere," anatero a Valdemiro.

A Lindolfo anaseka mpaka kutsokomola. "Kumanzere akakwatiwa! Wachitomero amavala kuti? Iwe unamusunga mwana wa eni pachitomero mpaka tinkati adzamera imvi mphete ili kumanja. Ukuti ukumanga nyumba, ukumanga nyumba. Utamukwatira anagwiranso tobata ya bambo ake? Si unamutenga sabata yomweyo?"

Anthu anaseka, poti nkhani ya chitomero chachitali chija inali yodziwika kwa akuluakulu onse. A Valdemiro anayang'ana dzanja lawo lamanzere, kenako lamanja. Mzere unayamba kuyenda. Anapukusa hendulo, injini inalira, anadutsa pamaso pa bambo mfumu, madzi odalitsa anawagwera kumaso, ndipo sanapukute.

Titabwerera, amuna aja anaimika matobata m'chisakasa n'kumapita kukadya nyama yowotcha kuholo ya tchalitchi. Ine ndinatsala. A Valdemiro anayenda mzere wonse akugwira labala wa kumanja wa tobata iliyonse. Yense anali wosalala, wofanana.

"Ndiye ndi iti?" ndinafunsa.

"Chaka chija ndinamasula zambiri pamodzi. Thanki mwina ndi iyi. Injini ili uko, kapena uko. Sindinkalemba."

"Nanga mtengo uja? Mwina unagwera kuseri kwa bokosi. Tiyeni tifufuze, aneba. Bweretsani tochi."

Ndinagwada n'kuyamba kutulutsa nkhuni m'bokosi muja ndi diresi langa la kutchalitchi. Munali zidutswa za matabwa, makala ndi manyi a mbewa. Iwo anangoima pambuyo panga, manja ali m'matumba.

"Musavutike, mayi Zenita."

"Nenani kanthu, inu! Tukwanani! Phwanyani chinachake! Kodi m'chifuwamo muli mwala?"

"Chaka chija kunazizira kwambiri," anatero. "Nkhuni zonse zinanyowa ndi chigumula. Koma mitengo ya pa matobata imayaka bwino, imakhala itamwa mafuta ndi thukuta. Ndinkayatsira imeneyo." Anayang'ana mbaula. "Khofi wake tinamwa limodzi."

Ndinabwezera nkhuni m'bokosi imodziimodzi.

Lolemba m'mawa ndinamva lole ikulira. Ndinaganiza kuti mwina akupita kwa mwana wawo ku Joinville, amene wakhala akuwaitana kuti akakhale naye. Madzulo anabwera ndi tobata ina ya dzimbiri, udzu utamera pa injini. Ndinaima pawindo. Anakwera kumbuyo kwa lole monga mwa nthawi zonse, ndipo chala chawo chinapita chokha pa chogwirira cha kumanzere. Chinazungulira mpaka theka, n'kuima. Anachichotsa, anachipukuta pa buluku, n'kuyamba kumasula unyolo.