Penti Yoyera pa Chikwangwani cha Chipatala

Anthu ankangowatchula kuti Abulashi, poti moyo wawo wonse unathera pa kulemba zikwangwani m'kashedi kamalata kuseri kwa msika. Ndege sanaikwerepo, koma mayiko olemera ankawadziwa ndi mitundu ya penti. Bungwe lililonse lobwera ndi chitukuko linkafuna chikwangwani, ndipo pakona pake pankayenera kukhala mbendera ya dziko lopereka thandizo. Kungophonya kanyenyezi kamodzi, bwana ankalusa ngati wamuponda pachilonda. Mjigo uume, zilibe kanthu, bola mbendera isasuluke.

Ntchitoyi inali ndi kamwambo kake konyansa. Polojekiti ikamatha, chikwangwani ankayamba achizula n'kubwera nacho kwa Abulashi kuti achifute ndi penti yoyera, lata lake likagwire ntchito kwina. Choncho maliro a chitukuko ankayamba kuwamva ndi iwo. Anafuta cha mitengo, anafuta cha mbuzi zangongole, anafuta cha atsikana obwerera kusukulu, uku akuimba likhweru. Ankati za eni sazilirira.

Akazi awo ankadwala shuga. Chinkawasunga ndi jakisoni wa ku kachipatala ka bungwe lina, kumene msewu wa phula umathera. Chipatala chachikulu chinali kutali, ndipo kumeneko yankho linkakhala limodzi, loti mankhwala kulibe, mukagule. Akagule ndi chiyani, anthuni?

Tsiku lina m'mawa dalaivala wa bungwelo anatsitsa chikwangwani pagalimoto, miyendo ya chikwangwanicho idakali ndi dothi. Abulashi anachizindikira asanachitembenuze n'komwe, chifukwa anachilemba ndi manja awo. Dalaivalayo ananena akuyang'ana kumbali kuti kudziko la eni ndalama kwachitika chisankho, ndipo boma latsopano lati thandizo lipite kumayiko amene ali ndi doko komanso migodi. Kachipatalako katsekedwa mwezi ukatha. Anamwino anangouzidwa kuti chikwangwani chapita kukakonzedwa, ndiye Abulashi asunge pakamwa.

Mtima unawawawa zedi. Anatakasa penti yotakasa kale, anatsuka bulashi yoyera kale, anasesa m'shedi mosaoneka chinyalala. Koma akane, dalaivala angopita kwa wolemba wina, ndipo chipatala chitsekedwabe. Anayamba kupaka kuchokera pamwamba, ndipo dzina la chipatala linazimirira.

Masana akazi awo anafika ndi chakudya m'kambale, akuyenda pang'onopang'ono chifukwa cha mapazi otupa. Kuwerenga sankatha. Koma mbendera yapakona inali isanafutidwe, ndipo iwo ankayedzamira chikwangwani chimenecho mwezi uliwonse podikira pamzere. Anaika kambale pansi.

"Bambo, ichi si chakwathu kujakisoni ichi?"

Abulashi anafuna kunama kuti akungochikonza, koma bodzalo linawakanika. Anavomera ndi mutu, n'kuwauza zonse zimene dalaivala uja ananena.

Mayiwo sanalire. Anafunsa kuti mayiko enawo ali kuti, ngati basi imafikako. Atamva kuti ali kutsidya kwa nyanja zikuluzikulu, anangoyang'ana penti ikudontha pansi. M'nyumba munatsala kabotolo kamodzi ka mankhwala, ndipo onse awiri ankadziwa zimenezo.

Mphepo inagwedeza latalo pathebulo. Mayiwo anasendera n'kuligwira m'mbali ndi manja awiri kuti lisasunthe.

"Malizani, bambo," anatero. "Mupake bwinobwino, angakukanizeni malipiro. Mudzafunika kugula matabwa a bokosi langa."