Chipewa Chofiira cha a Rigoberto

A Rigoberto Salcido sadziwa kukhala pansi. Atapuma ntchito ku mgodi wa kopa, anadzipereka kumalo otetezera mbalame m'chipululu cha Arizona, kumene amatsuka ndi kudzaza mabotolo a madzi a shuga. Madziwa amamwedwa ndi timbalame ta choso tikamabwerera kuchokera ku Mexico chisanu chikatha. Bambowa amavala chipewa chofiira, poti choso akaona chofiira amayesa duwa, koma ndi mbalame iti ingayandikire mutu wosakhazikika ngati umenewo?

Chaka chino mtima wawo unali m'mwamba. Maso a akazi awo, a Amparo, ankachita mdima, ndipo Lamlungu mwana wawo ankabwera kudzawatenga onse awiri kuti azikakhala mumzinda wa Phoenix, pafupi ndi madokotala. A Rigoberto ankafunitsitsa kuti mayiwa aone komaliza choso wa pakhosi pofiira, amene ankamukonda kuyambira ali mtsikana. Koma chimphepo chafumbi chinawomba sabata yonse, mbalame osatulukira.

Loweruka m'mawa anawakhazika akaziwo pabenchi, iwo nʼkuyamba yakaliyakali: kugwedeza botolo ili, kupukuta ilo, kuingitsa njuchi, kusuzumira kummwera.

"Bambo inu, mwaponda linthumbu kodi?" anafunsa a Amparo. "Takhalani pansi."

"Mwina shuga wachepa."

"Chachepa ndi bata. Mukuopseza mbalame ndinu, mukungozungulira ngati mwataya makiyi a galimoto."

A Rigoberto anangʼungʼudza. Dzuwa linali litayamba kuswa mtengo, choncho anavula chipewa chija nʼkuwaveka akazi awo, nʼkuthamangira kukaona mabotolo a kukhwawa. Kumenekonso kunali zii.

Pobwerera anawapeza mayiwa ali duu, misozi ili mbwembwembwe.

"Kanabwera," anatero a Amparo motsitsa mawu. "Kanaima apa, pamphuno pangapa. Mapiko ake amalira ngati makina anga osokera aja, ndipo kamphepo kake ndinakamva patsaya."

"Nanga pakhosi? Munapaona kufiira kwake?"

"Sindinaone kanthu, bambo. Ngakhale nkhope yanuyo ndinasiya kuiona pa Khirisimasi. Ndimafuna kukuuzani, koma simukhala pansi."

Mawuwo anawalasa mtima a Rigoberto. Anayika botolo pamchenga, nʼkukhala pabenchipo pafupi ndi akazi awo. Njuchi zinaunjikana pabotolo lija, koma iwo sanadzuke.