Zimene Mayi Edinah Anauza Thelma

Mayi Edinah sankakhala pansi. Chifikireni m'nyumba ya bwana Nick ku Mirdif, kuno kudziko la Aluya, sindinawaonepo atakhazikika pampando. Tiyi ankamwa ali chilili, kapu kumanja, kansalu kopukutira kumanzere, maso ali pawindo kudikira basi ya sukulu.

Kwawo ndi ku Dowa. Amuna awo atamwalira anagulitsako kaunjika pa Mponela, kenako anabwera kuno kudzalera Thelma, mwana yekhayo wa m'nyumbamo, ali wakhanda. Ndiwo anamuphunzitsa kuyenda. Ine ndinabwera mochedwa, nditamaliza folomu 4, kudzachapa ndi kukolopa, ndipo tinkagona chipinda chimodzi kuseri kwa khitchini. Kumpingo kwawo anali mlangizi wa atsikana. Zimenezi ankazitchula kawirikawiri kuposa dzina la mudzi wawo.

Chaka chimene Thelma anali m'kalasi yomaliza ya pulayimale, sukulu yake inakonza dansi ya atsikana ndi abambo awo. Madamu anagula diresi yobiriwira. Bwana Nick akaweruka kuntchito ku Business Bay ankakankhira sofa kukhoma, n'kuika nyimbo pafoni, awiriwo n'kumazungulira pabalaza, uku akupondana zala, uku akuseka. Nyimbo ikangoyamba, Mayi Edinah ankathawira kukhitchini n'kuyamba kutsuka mapoto otsuka kale.

"Ba Edinah, manje mwathawa chani? Ni dansi chabe," anatero Kalaba, dalaivala wa m'nyumbamo wochokera ku Zambia, atatsamira pachitseko.

"Iwe Kalaba, mwana wako wamkazi ungamugwire m'chiuno pagulu?"

"Wanga ali na zaka ziwili. Nimamugwila olo pa mwendo akafuna kugwela mu ngalande."

"Zamkutu basi. Mwana wamkazi ndi bambo ake payenera kudutsa mphepo."

Ine bambo anga ndinkawapatsa madzi nditagwada, ndipo sindikukumbukira tsiku limene ndinagwira dzanja lawo. Ndikamasuzumira pabalaza mtima unkandichita zinazake, koma sindinkadziwa ngati anali manyazi kapena nsanje.

Dansi itayandikira, madamu anachoka pa ulendo wa kuntchito. Ali komweko, Thelma anatha msinkhu. Anabwera kuchokera kusukulu nkhope ili yotuwa, n'kuthamangira kwa Mayi Edinah, amene iye ankawaitana kuti Dina. Anamutengera kuchipinda kwathu. Ine anandiuza kuti ndikhale panja, koma chitseko chake n'chopyapyala.

Poyamba anachita bwino kwambiri. Anamutonthoza, kumuuza kuti si matenda, n'kumusonyeza kadzisamalidwe. Kenako mawu awo anasintha, anakhala aja a kumpingo. M'Chingerezi chawo chodukizadukiza anamuuza kuti kuyambira tsiku limenelo ndi munthu wamkulu. Asamalowe kuchipinda kwa makolo ake. Asamakhale pamiyendo pa bambo ake kapena kuwakumbatira. Masiku ngati amenewo asamathire mchere m'chakudya. Akaphwanya zimenezi, bambo ake adzayamba kutsokomola, miyendo n'kutupa.

Thelma anakhulupirira zonse. Dina anali asanamunamizepo.

Madzulo ake bwana Nick anakankha sofa monga mwa masiku onse, n'kutambasula manja. Thelma anabwerera m'mbuyo, manja atawabisa kumsana. Patebulo bambo ake anapempha mchere, iye n'kudzuka kuthawira kuchipinda kwake. Mawa lake bwana anatsokomola pang'ono chifukwa cha fumbi, mwana n'kuyamba kulira. Bamboyo ankangoyendayenda m'nyumba, kukwera masitepe, kutsika. Anandipeza ndikusita.

"Chiso, ndamulakwira chiyani mwana wanga?"

"Sindikudziwa, bwana," ndinayankha maso ali pa ayironi.

Madamu atabwera anadzitsekera ndi Thelma kwa kanthawi, kenako analunjika kukhitchini. Sanakalipe, ndipo zimenezo n'zimene zinandiopsa.

"Edinah, mwana wanga akuopa kuti apha bambo ake akawagwira dzanja. Mukamuuze pamaso panga kuti zonse zija n'zabodza. Apo ayi, khalas, basi, ntchito yanu yathera pomwepa."

Anawapatsa mpaka mawa lake masana. Tsiku limenelo Mayi Edinah anakolopa ngakhale malo anga, anachotsa makatani, anapukuta mafiriji mkati ndi kunja. Ankatuluka kupita pageti, kuyang'ana msewu, n'kubwerera. Tonse tinkadziwa kuti mwana wawo womaliza ali pasukulu ku Lilongwe ndipo akudalira iwo.

"Kambani chabe kuti ni boza," anatero Kalaba. "Mulungu azamvesa. Nayenso aziba nkhani za viza, kuti nchito ikatha nayo yatha."

"Choka apa, iwe mwana wa pa Kitwe."

Kalaba atachoka ndinalimba mtima. "Anti, tangonenani basi."

"Ndinene kuti amayi anga anandinamiza? Nanga atsikana onse aja ndinawalangiza ku Dowa? Ndikawalembere kuti pepani?"

"Koma inuyo mumakhulupiriradi kuti bwana angatupe miyendo?"

Anasiya kufinya chikolopa. Anandiyang'ana ngati akundiona koyamba.

"Za kutupazo timaonjezera kuti mwana aope," anatero motsitsa mawu. "Nafenso anatiopseza choncho. Koma ulemuwo si bodza, Chiso. Ndaona zambiri m'makomo mwa anthu. Mwana wamkazi azidziwa kuti thupi lake lili ndi malire."

"Nanga dansiyo?"

"Dansiyo ine sindikuimvetsa. Mwina vuto ndi ineyo."

Mawa lake tinasonkhana pabalaza. Ine ndinaima pafupi ndi khomo, dengu la zovala lili m'manja, kuti ndioneke ngati ndikungodutsa. Mayi Edinah anagwada kuti afanane msinkhu ndi Thelma amene anali pasofa.

"Habibti, mwana wanga wokondedwa, bambo ako sadzadwala. Olo uwagwire dzanja, olo uwapatse mchere wodzaza thumba. Zimenezo ndinakuopseza, ndinalakwa. Ndinalakwanso kukuuza amayi ako asanabwere. Ukavine."

"Zoona, Dina?"

"Zoona."

"Ndi zina zija," anatero madamu. "Za kuchipinda, za kukumbatira. Zonse."

Mayi Edinah anayang'ana pansi. Zala zawo zinkapotokola ngodya ya epuloni.

"Zimenezo ndi za kwathu, madamu. Mukhoza kumuuza kuti kuno sizigwira ntchito, ndinu mayi ake. Koma ine kunena kuti n'zabodza sindingathe."

"Edinah, ndikukupemphani."

"Ndamva, madamu. Sindingathe."

Bwana Nick anayesa kulowererapo, akuti mwina zakwana, koma madamu anapukusa mutu, misozi ili m'maso. Anati sangalole kuti mwana wake azimva mawu awiri m'nyumba imodzi. Sanawabweze ku Malawi. Anawapezera ntchito kwa mnzawo ku Sharjah, mzinda woyandikana ndi kuno, banja la ana aamuna atatu. Thelma anakakamira chikwama chawo mpaka pageti.

"Anyamata okhaokha, ba Edinah," anatero Kalaba akutsegula buti. "Uko mukapumula, kulibe wolangiza."

"Amenewonso ndikawalangiza. Yalla, tiye."

Mayi Edinah anaseka, koma sanacheuke.

Tsiku la dansi ndinapita ndine, kukanyamula chikwama cha Thelma. Ndinaima kumbuyo kwa holo pamodzi ndi olera ana ena, Afilipino ndi Aitiyopiya. Munali mabaluni ndi abambo a masuti othina. Mtsikana wina anabwera ndi agogo ake aamuna, wina ndi amalume ake, wina anakhala pakona ndi mayi ake akudya keke, osavina. Mphunzitsi wina anandinong'oneza kuti makolo ena anadandaula, mwina chaka chamawa dansiyi sidzakhalako.

Nyimbo yoyamba Thelma anavina atauma ngati mtengo, manja atawongoka, pakati pa iye ndi bambo ake pali danga loti munthu n'kudutsa. Bwana Nick sanamukoke. Nyimbo yachiwiri anamuponda chala, mwadala kapena ayi sindikudziwa, mwana n'kuphulika kuseka. Danga lija linachepa pang'ono, koma silinathe.

Tili m'galimoto kubwerera, foni yanga inalira.

"Iwe Chiso, anavina?"

"Anavina, anti."

"Anamugwira pati?"

"Pamapewa."

Chapatali ndinkamva anyamata akukuwa, chinthu china chikugwa pansi.

"Nanga tsitsi anamumanga ndani?"

"Ndine."

"Ndiye linamasuka, ndikudziwa. Umamanga ngati ukuopa mutu wa mwana. Tandipatse ndimulankhule."

Ndinayang'ana kutsogolo kumene kunakhala madamu, amene anabwera kudzatitenga. Anali atamva zonse. Titadutsa maloboti, anatambasula dzanja chakumbuyo osacheuka, kutenga foni m'manja mwanga, n'kuipereka kwa Thelma.